Chikwama chimene ndinasenzetsa mwana wa eni pa Skyline

Makilogalamu 23

Chikwamacho ndinachigula pa kaunjika ku Limbe kutatsala sabata ziwiri kuti tinyamuke, ndipo chimene chinandikopa chinali kukula kwake. Chinali chobiriwira, cha malita 70 malinga ndi zolembedwa pambali pake, ndipo wogulitsayo sanandibisire kuti chomangira cha pulasitiki cha lamba wa m'chiuno chinali chothyoka mbali imodzi. Ananditsitsira mtengo pa chifukwa chimenecho, ine n'kulipira mokondwa, popeza m'maganizo mwanga lambayo anali wongokometsera ndipo ntchito yonse inali ya malamba a m'mapewa. Panalinso chifukwa china chimene sindinachitchule ngakhale mumtima: ndinkadziwa kale kuti wodzachisenza kukwera nacho phiri la Mulanje si ine.

Tinafika pa Likhubula, m'munsi mwa phirilo, mwezi wa Julayi mu 2022 tili anthu atatu, ine, mlongo wanga amene ndi namwino, ndi alamu anga. Ku Blantyre tinanyamuka mochedwa, ndipo pomwe timamaliza zolembetsa ndi kupatsidwa namulondola ndi anyamata awiri onyamula katundu, amene kumeneko amangowatchula kuti mapota, n'kuti nthawi ikuyandikira 11 koloko. Namulondola wathu anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Atanyamula chikwama changa ndi dzanja limodzi anachibwezera pansi, kenako anapita nacho kwa munthu wina wogula chimanga m'mbali mwa msewu n'kuchikoloweka pa sikelo yake. Muvi unaima pa 23.

"Bwana, katunduyu wachuluka," anatero.

Ndinayankha kuti ndidzawonjezera kangachepe pa malipiro a mnyamatayo. Yankho limeneli ndalibwereza m'mutu mwanga kambirimbiri kuchokera tsiku limenelo, chifukwa bamboyo ananena za kulemera kwa katundu koma ine ndinamva za ndalama. Mnyamata amene anapatsidwa chikwamacho anali wochepa thupi, wa zaka mwina 20, atavala malaya otuwa ndi nsapato zapulasitiki. Sananene kanthu. Analowetsa mikono m'malamba, anayesa kumanga lamba wa m'chiuno, ataona kuti sakugwira anangomusiya akulendewera, n'kuyamba kutsogola.

Njira ziwiri zopita ku Chambe

Wochokera pa Likhubula kupita ku nyumba yogonamo alendo ya ku Chambe amasankha pakati pa njira ziwiri. Ya Chapaluka imatsata chigwa cha mtsinje, imadutsa kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ndi yotalikirapo koma mtunda wake umabwera pang'onopang'ono, ndipo madzi ndi mthunzi sizisowa. Ya Skyline ndi yachidule, koma imangolunjika kumwamba osapumitsa munthu, ndipo mbali yaikulu ilibe pobisalira dzuwa. Dzina lake linachokera ku chingwe cha waya chimene ankatsitsira matabwa kuchokera m'minda ya paini ya ku Chambe. Kaya munthu adzere iti, ayenera kukwera pafupifupi mamita 1,000 tsiku limodzi.

Namulondola anati tidzere ku Chapaluka. Ine ndinakana, ndipo zifukwa zanga zinkamveka zanzeru: tinali titachedwa kale, m'nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga, ndipo anzanga amene anapitako ankatamanda kwambiri mmene minda ya tiyi ndi chigwa cha Phalombe zimaonekera munthu ukakhala pa Skyline. Posankhapo ndinaganizira za nthawi, za maso anga ndi za miyendo yanga. Pamsana panga panali kachikwama kokhala ndi botolo la madzi, jekete ndi mtedza, mwina makilogalamu atatu. Msana umene unasenza makilogalamu 23 sunalowe m'masamu anga ngakhale pang'ono.

Njirayo ndi yokongoladi, ndipo sindingaichepetse. Kumanzere kumaoneka thanthwe la Chambe, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,500, litaima chilili ngati khoma. Tinakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akuponda miyala mosayang'ana pansi. Ife tinkapuma pafupipafupi, mtima uli wefuwefu, ndipo nthawi zonse tikakhota tinkapeza mnyamata uja atatidikirira, atatsamiza chikwama pamwala chili kumsana kuti kulemera kukhale pamwalapo. Titapitirira theka la njira ndinaona kuti wapota nkhata ya udzu ndipo akusenza chikwamacho pamutu, koma pofika pamakwerero otsetsereka, pamene munthu amafunika manja onse awiri, ankachibwezera kumsana. Ndinajambula chithunzi cha iye chikwama chili pamutu, ndikumati ndi luso la ana a kuphiri. Chithunzicho ndikadali nacho, ndipo tsopano ndimaona zimene sindinaone tsikulo: dzanja lake lamanzere lili mkati mwa malaya, litagwira phewa.

Usiku wa ku Chambe

Tinafika dzuwa litapendeka kwambiri, patatha maola asanu. Mlonda wa nyumbayo anali atakoleza kale moto, ndipo mdima utangogwa kunazizira moti zala zinkakanika kumanga zipi. Magetsi kulibe, choncho tonse tinaunjikana pamoto ndi matochi. Mnyamata uja anadzipereka kuti avundule nsima, ndipo anali atawerama pamphika, mthiko uli m'manja, pamene kuwala kwa tochi ya mlongo wanga kunagwera pamapewa ake. Pamalaya otuwa aja panali madontho awiri akuda, limodzi paphewa lililonse, aatali ngati chala.

"Achimwene, tasiyani kaye mthikowo," anatero mlongo wanga. "Tavulani malayawo ndione."

"Palibe kanthu, achemwali. Zimachitika. Mawa pakhala patauma."

Mlongo wanga sanamusiye. Malayawo anali atamatirira pakhungu, moti anachita kufunditsa madzi, kuthiramo mchere pang'ono, n'kumanyowetsa nsaluyo pang'onopang'ono ndi thonje mpaka inamatuka. Pansi pake khungu linali litasupuka. Kumanzere chilonda chinali chachikulu, kuyambira pamwamba pa phewa kutsikira cha kufupa la m'khosi, chofiira, m'mbali mwake muli timaulusi ta malaya. Kumanja kunali matuza awiri, limodzi litaphulika kale. Pamene ankatsukidwa, mnyamatayo anangoyang'ana moto, nsagwada zitalimba, zala zakumapazi zikukanda pansi. M'nyumba monse munali zii, kupatula nsima imene inkaphulika pamoto popanda woivundula, mpaka mlonda anatenga mthiko n'kupitiriza.

Ndinatenga chikwama chija n'kuunika malamba ake. Siponji ya mkati inali itatha kalekale, ndipo chimene chinatsala chinali nsalu yolimba yopindika m'mphepete ngati chingwe. Pa kaunjika paja ndinatsegula matumba onse ndi kuyesa zipi aliyense, koma malamba sindinawafinye n'komwe.

"Bwanji simunanene tili m'njira?" ndinafunsa.

Anayankha ndi namulondola, osati mnyamatayo. Anati anyamatawa amapatsidwa alendo mosinthana, ndipo munthu akhoza kudikira masiku ambiri kuti nthawi yake ikwane. Akadandaula za katundu pa tsiku loyamba amaopa kuti mlendo amuona ngati wofooka n'kupempha wina, ndiye ndalama ya masiku onse otsalawo yapita. "Ine ndinanena kumunsi kuja, bwana," anamaliza motero, mosakweza mawu. Panalibe choyankha.

Kenako bamboyo anachita chinthu chimene chinandiphunzitsa kuposa mawu. Anandiuza kuti ndiimirire, anandiveka chikwamacho mmene chinalili, n'kundiuza kuti ndiyende kuchoka pamoto kukafika pakhomo ndi kubwerera. Ndisanafike n'komwe pakhomo, malamba anali atayamba kudya m'mapewa ndipo thupi linkakokera chagada. Nditabwerera anabwereka chitenje cha mlongo wanga, anachipisa m'mbali ziwiri za lamba wothyokayo, n'kuchimanga zolimba pamwamba pa mafupa a m'chiuno mwanga. Nthawi yomweyo mapewa anapepuka moti ndikanatha kulowetsa dzanja pansi pa lamba. Kulemera kunali komweko, koma kunatsikira m'chiuno ndi m'miyendo, kumene kuli mafupa ndi minofu yopirira katundu. Lamba wa m'chiuno ndiye amasenza gawo lalikulu la chikwama cha ulendo wautali, ndipo a m'mapewa ntchito yawo yaikulu ndi kuletsa chikwama kugwera kumbuyo. Kanthu kamene ndinakaona ngati kokometsera, kamene kanandichotsera ndalama zochepa pamtengo, ndi kamene kanasupula khungu la mwana wa eni kwa maola asanu.

Ndimadziwa chimene chinandichititsa khungu, ndipo ndikukhulupirira kuti si ine ndekha. Anyamata a ku Likhubula ali ndi mbiri ya mphamvu. Pa mpikisano wa Porters Race, umene umachitika paphiripo, othamanga amakwera Skyline yomweyo, kudutsa pamwamba ndi kutsikanso, makilomita oposa 20, ndipo otsogola amamaliza maola atatu asanakwane. Mbiri yotereyi imatipangitsa ife obwera ndi galimoto kuganiza kuti matupi awo samva zimene athu amamva. Amamva ndithu, kungoti ali ndi zifukwa zokhalira chete zimene ife tilibe.

Zimene zinatuluka m'chikwama

Titadya, namulondola anati tikhuthule chikwamacho pansi. Choyamba kutuluka chinali chigubu cha madzi cha malita asanu, chikadali chodzadza. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mnyamatayo anakwera ndi makilogalamu asanu a madzi kupita pamalo pamene mtsinje ukuyenda kuseri kwa nyumba. Mulanje ndi phiri la madzi. Mitsinje ngati Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo imayambira pamwamba pomwepo. Botolo la lita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndi mankhwala othira m'madzi kapena poto wowiritsira, n'zokwanira.

Kenako panatuluka bulangete lalikulu la pabedi langa, mathalauzi a jinzi awiri, nsapato zina zosinthira, zitini za nyemba ndi nsomba, mbatata, mphika wachitsulo wokhala ndi chivundikiro chake, ndi kasipika koimbira nyimbo. Bulangete lija lokha linkalemera kuposa sleeping bag (thumba lofunda logonamo) ya alamu anga kawiri kapena katatu, koma usiku umenewo iwo ndiwo anagona tulo, ine ndikuzizidwa, chifukwa bulangete limalowetsa mphepo m'mbali munthu akatembenuka. Jinzi nayo si chovala cha kuphiri: ikanyowa imalemera, imachedwa kuuma ndipo imayamwa kutentha kwa thupi. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu wa pamwamba umadzuka utayera ndi chisanu, kotero chofunika ndi zovala zopepuka zingapo zovala mosanjikiza, juzi, chipewa cha ubweya, ndi jekete losalowa madzi. Pa zakudya, ufa, mpunga, usipa, nyama ya soya, mtedza ndi tiyi zimakhutitsa popanda kusenzetsa munthu madzi ndi chitsulo cha zitini.

Anandionetsanso kalongedzedwe. Ine ndinali nditaika chigubu ndi zitini pamwamba penipeni ndi m'thumba lakunja, kutali ndi msana, ndipo n'chifukwa chake chikwamacho chinkakokera munthu chagada pamakwerero. Zolemera zimayenera kukhala pakati, zogundana ndi msana, zofewa pansi, ndipo zofunika m'njira, monga jekete la mvula ndi tochi, pamwamba. Titachotsa zosafunika, chikwamacho ndinkachinyamula ndi dzanja limodzi mosavutika.

Sapitwa sitinafikeko

Dongosolo lathu linali loti tsiku lachiwiri tipite ku nyumba ya Chisepo, ndipo lachitatu tikwere Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya mamita 3,002. M'mawa mwake nkhani imene inavuta inali ya mnyamata uja. Mlongo wanga anati pamapewa amenewo pasakhale lamba kwa masiku angapo. Alamu anga anati ndiye atsike akapume, koma nkhope ya mnyamatayo inasintha nthawi yomweyo, ndipo tinazindikira kuti kumutsitsa kunali kumulanga kachiwiri chifukwa cha kulakwa kwanga. Tinagwirizana kuti akhale nafe ndi kulandira malipiro a masiku onse atatu, ndipo ife tigonenso ku Chambe m'malo mopitirira.

Sindikunena kuti zinandikomera. Ndinali nditauza anthu ambiri kuti ndikupita pa Sapitwa, ndipo kwa ambiri a ife phiri lonseli, ndi nyumba zake za ku Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, limangosanduka njira yopitira ku nsonga imodziyo. Komatu Sapitwa si malo opitako chifukwa choti unalonjeza anzako. Kuchokera pa Chisepo ndi ulendo wa tsiku lathunthu kupita ndi kubwerera, wokwawa pamatanthwe ndi kupanikizika m'mipata ya miyala, ndipo chifunga cha chiperoni chikabwera kuchokera cha ku Mozambique njira imasowa munthu akuiyang'ana. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil amene anapitirira yekha atasiya namulondola wake anamwalira kumeneko. Eni phiri ali ndi malamulo awo a mizimu okhudza malowo, ndipo kaya munthu amawakhulupirira kaya ayi, onse amalozera ku chinthu chimodzi, kuti kumeneko sapitako modzikuza.

Tsiku limenelo tinayendayenda m'chigwa cha Chambe opanda katundu. Mnyamata uja ndiye anatitsogolera ku zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, zimene zinkanunkhirabe ngakhale mitengo yake inadulidwa kale, ndipo anatifotokozera kuti ali mwana ankathandiza achibale ake kutsitsa matabwa pamutu kudzera pa Skyline yomweyo. Anthu a m'munsi mwa phirili akhala akusenza katundu wa anthu ena kwa zaka zambiri, ndipo chikwama changa chinangowonjezera pa mndandanda umenewo.

Potsika tinadzera ku Chapaluka, ndipo chikwama chobiriwira chija ndinasenza ndine, chitenje chili m'chiuno. Tinabwezeramo bulangete, mphika ndi zovala, madzi tinataya, zitini ndi mbatata tinasiyira mlonda. Njirayo ili ndi malo oterera ndiponso owoloka mtsinje podumpha miyala, ndipo m'nyengo ya mvula mawolokowo akhoza kukhala oopsa, koma maondo anga sanalire monga akanalirira pa Skyline. Pofika pa Dziwe la Nkhalamba mapewa anga anali atafiira ngakhale katundu anali atachepa ndiponso chiuno chikuthandiza. Ndinakhala pamwala ndikuyesa kuwerengera chimene makilogalamu 23 anachita pokwera, popanda lamba, padzuwa la masana.

Ulendo wachiwiri

Nditabwerera ku Limbe ndinapita ndi chikwamacho kwa munthu wosoka nsapato ndi zikwama mumsika. Anachotsa chomangira pa chikwama china chakutha n'kuchiika pa changa, anatumbula malamba a m'mapewa n'kuikamo siponji yatsopano, ndipo ntchito yonseyo inatha ola limodzi lisanakwane, pa mtengo wochepera ndalama zimene wogulitsa uja ananditsitsira. Ndinagulanso kasikelo kokoloweka, kofanana ndi ka ogula chimanga. Ndinadziikira lamulo lakuti chikwama chimene ndikupatsa munthu wina chisapitirire makilogalamu 15, ndipo ndisanamupatse ndichivale ndekha ndi kukwera nacho chitunda cha kwathu kwa theka la ola. Ambiri amati katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa wonyamulayo, ndipo pa muyeso umenewo mnyamata uja, amene sindikukhulupirira kuti ankafika makilogalamu 60, anasenza pafupifupi kawiri ya mlingo wake.

Mulanje si paki ngati Nyika. Ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo mwayi wake ndi wakuti nyumba zogonamo zilipo kale pamwamba. Ku Nyika, woyenda ulendo wa masiku atatu wochokera ku Chelinda kukafika ku Livingstonia amagona m'matenti, ndipo tenti, mphasa ndi chakudya chonse zimayenda pamsana pa munthu. Ulendo umenewo ndimaulakalaka, koma sindidzaupanga mpaka nditapeza tenti yopepuka, chifukwa imene ndili nayo ndi ya pa galimoto. Ku Mulanje nako alendo akuyembekezeka kuchuluka, popeza mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, ndipo ambiri mwa obwerawo adzakhala Amalawi anzanga ogula zikwama pa kaunjika monga ndinachitira ine. Kugula pa kaunjika si vuto, ndipo jombo zanga ndi jekete langa n'zakomweko. Koma pogula chikwama, munthu ayambe wamanga lamba wa m'chiuno ndi kufinya malamba a m'mapewa asanayang'ane mtundu ndi matumba.

Ndinabwereranso pa Likhubula mu Ogasiti 2024. M'mbali zina za phiri munkaonekabe mikwingwirima pamene nthaka inagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo namulondola amene tinapatsidwa anayamba watiuza njira zimene zinali bwino nyengo imeneyo tisanatchule kumene tikufuna. Nthawi ino ndinamufunsa kuti, poona katundu wathu ndi nthawi imene tinali nayo, iye angadzere kuti. Anati Chapaluka, ndipo tinadzera komweko. Ndinafunsa za mnyamata uja, ndipo anandiuza kuti ali pamwamba ndi alendo ena ku Thuchila, atsika patatha masiku awiri, ife titadutsana naye.

Amene anapatsidwa chikwama changa anali mnyamata wina wamtali. Ndinachikoloweka pa kasikelo kanga iye akuona, muvi n'kuima pa 13. Anachivala, anamanga lamba wa m'chiuno mpaka chomangira chinalira, anakoka malamba a m'mapewa pang'ono, kenako anadumpha kawiri kuti amve ngati muli chogwedera. Anandipempha kuti ndichotse poto m'thumba lapamwamba ndi kumuika mkati, kufupi ndi msana, ndipo ndinagwada pomwepo pa msewu n'kulongedzanso.